Mafunso ndi mayankho okhudza tsabola wolongamo tchizi wowamba pa utsi

Pa tsiku lowotcha nyama alendo amafika msanga, koma nyama yaikulu imachedwa kupsa, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi pamafunika kanthu kopatsa mudyo koti anthu azikhwasula ali chiimire pafupi ndi moto. Tsabola wolongamo tchizi, wokulungidwa ndi bekoni n'kuwambidwa pa utsi, amagwira bwino ntchito imeneyi. Pomuona amaoneka wosavuta, koma m'kachidutswa kamodzi muli zinthu zitatu zimene chilichonse chimafuna moto wakewake. Tsabola amafuna nthawi kuti afewe, tchizi chimafuna moto wodekha kuti chisatayike, pomwe bekoni amafuna moto wamphamvu kuti aume ndi kufiirira. Luso lonse lagona pa kuchititsa kuti zitatuzi zipse nthawi imodzi, ndipo mayankho ambiri ali m'munsimu akubwerera ku mfundo yomweyo.

Kodi chakudya chimenechi n'chiyani kwenikweni, nanga chinachokera kuti?

Kulonga zinthu m'kati mwa tsabola ndi mwambo wakale wa ku Mexico, kumene chakudya chotchedwa chile relleno chimaphikidwa ndi tsabola wamkulu wa poblano, amene dzina lake linachokera ku dera la Puebla m'dzikomo. Anthu a ku United States anatenga nzeru imeneyi n'kuigwiritsa ntchito pa tsabola wocheperapo wa jalapeño, ndipo tizidutswa take timatchedwa jalapeño poppers. M'malesitilanti ambiri amatikuta ndi nyenyeswa za buledi n'kutikazinga m'mafuta, koma anthu okonda kuwamba nyama amasiya mafutawo, m'malo mwake amakulunga tsabolayo ndi bekoni n'kumuika pa utsi pambali pa nyama. Iwowa amakonda kumutchula ndi zilembo zitatu zoti ABT, chidule cha dzina lanthabwala lachingerezi loti Atomic Buffalo Turds. Ku Texas kulinso mitundu ina iwiri yodziwika: Texas Twinkies, amene m'kati mwake amaikamo nyama ya pachifuwa cha ng'ombe yowambidwa kale, ndi armadillo eggs, amene tsabola yense amakutidwa ndi nyama ya soseji mpaka kuoneka ngati dzira lalikulu.

Tsabola wa jalapeño ndi utsi zinadziwana kalekale. Dzina lake linachokera ku mzinda wa Xalapa, likulu la chigawo cha Veracruz ku Mexico, ndipo chifukwa chakuti mnofu wake ndi wochindikala moti sauma bwino padzuwa, anthu a m'dzikomo ankamuumitsa pa utsi akapsa n'kufiira. Tsabola woumitsidwa choteroyo ndi amene timamudziwa kuti chipotle.

Ndi tsabola wamtundu wanji amene ali woyenera?

Jalapeño ndi amene amakwanira bwino, pa zifukwa zitatu zooneka ndi maso. Kukula kwake n'koti munthu angathe kumaliza theka lake poluma kawiri, mnofu wake ndi wochindikala moti amatha kukhala pamoto maola awiri osaphwanyika, ndipo ukali wake ndi wapakatikati. Pa sikelo yoyezera ukali wa tsabola imene katswiri wa zamankhwala Wilbur Scoville anayambitsa mu 1912, jalapeño amapezeka pakati pa 2,500 ndi 8,000. Serrano amayambira pa 10,000, habanero amayambira pa 100,000 n'kufika mpaka 350,000, pomwe tsabola wamkulu wobulungira wa mundiwo ali pa 0 chifukwa alibe ukali ngakhale pang'ono.

Posankha, tengani tsabola wolimba, wonyezimira, wowongoka, wotalika masentimita 7 mpaka 9, ndipo yesetsani kuti onse akhale ofanana kukula kuti apsere limodzi. Wokhwinyata wataya kale madzi ndipo amafota kwambiri pamoto. Timizere toyera tooneka ngati ming'alu pakhungu lake si matenda, koma ndi chizindikiro chakuti tsabolayo wakhwima, ndipo ophika ambiri amatiyesa chenjezo lakuti ukali wake ndi woonjezereka. Wofiira ndi jalapeño yemweyo amene anapsera kumtengo, amatsekemera pang'ono, ndipo ine ndimaona kuti amagwirizana ndi utsi kuposa wobiriwira.

Ngati pali ana kapena alendo oopa tsabola wowawa, konzani gawo lina ndi timatsabola totsekemera tating'onoting'ono, tofiira ndi tachikasu. Timeneti tili ndi mnofu wopyapyala ndipo timafewa msanga, choncho tichotseni pamoto mphindi 20 kapena 30 jalapeño asanapse.

Kodi n'zoona kuti ukali wa tsabola umakhala mu njere?

Ayi, ngakhale kuti anthu ambiri amakhulupirira choncho. Chimene chimawawa mu tsabola ndi capsaicin, ndipo amapangidwa mu kamnofu koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirapo. Njere zimangopakika ukaliwo chifukwa chokhudzana ndi kamnofuko. Munthu amene wachotsa njere zonse koma wasiya kamnofu koyera sanachotse kanthu. Tengani supuni yaing'ono, palani m'kati mwa theka lililonse kuyambira kumutu mpaka kunsonga, ndipo mukafuna kuti ukali utsale pang'ono siyani kamzere kamodzi koyera.

Dziwaninso kuti tsabola awiri othyoledwa pamtengo umodzi angathe kusiyana ukali, ndipo mbewu imene inasowa madzi pokula imabala tsabola wowawa kwambiri. Palinso mitundu imene inachita kukonzedwa dala kuti isamawawe, monga TAM Mild imene inatuluka ku Texas A&M University kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Njira yodalirika ndi imodzi yokha: dulani kachidutswa ka tsabola awiri kapena atatu mwa amene mwagula, lawani, ndiye muone kuchuluka kwa kamnofu koyenera kuchotsa. Kumbukirani kuti tsabola wophika sadzawawa ngati waiwisi amene mwalawayo, chifukwa capsaicin amasungunuka m'mafuta a tchizi ndi a bekoni n'kumwazikana, ndipo puloteni ya mumkaka yotchedwa casein imamugwira kuti asamatirire palilime.

Manja anga amatentha kwa maola ambiri ndikadula tsabola. Ndichite chiyani?

Valani magolovesi opyapyala musanayambe, ndipo musakhudze maso, mphuno kapena mwana mpaka mutawavula ndi kusamba. Kutentha kumene mumamvako si kwa m'maganizo chabe. Capsaicin amadzutsa kachiwalo ka m'mitsempha kotchedwa TRPV1, komwenso kamachenjeza thupi likakhudza chinthu chotentha kuposa madigiri 43, ndipo kufufuza za kachiwalo kameneka n'kumene kunapatsa David Julius mphoto ya Nobel mu 2021. Ngati mwaiwala magolovesi, madzi okha sathandiza chifukwa capsaicin sasungunuka m'madzi. Pakani mafuta ophikira m'manja, tikitani, kenaka sambani ndi sopo wotsukira mbale, ndipo bwerezani kawiri kapena katatu. Kuviika manja mumkaka wozizira kumathandizanso. Mpeni ndi thabwa lodulirapo zitsukidwe musanadulirepo zipatso kapena buledi.

Kodi ndidule tsabola pakati kapena ndimusiye wathunthu?

Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma kudula pakati m'litali kuti theka lililonse likhale ngati kabwato ndiye njira yabwino kwa munthu woyamba. Kumapala mosavuta, kumalongeka mosavuta, utsi umafika pa tchizi, ndipo tsabola 12 amakupatsani zidutswa 24. Podula, mpeni udutse pakati pa kaphesi kuti theka lililonse litsale ndi mutu wake, chifukwa mutuwo umatchinga tchizi kuti chisatulukire kumapeto, ndipo kaphesiko n'kogwirira podya.

Tsabola wathunthu amadulidwa kumutu, n'kukombedwa m'kati, n'kuimikidwa chilili pa kachitsulo kobowolabowola. Amaoneka bwino m'mbale, koma ukali wake umakhala woonjezereka chifukwa n'kovuta kuchotsa kamnofu konse, ndiponso nthunzi imatsekeredwa m'kati n'kukankhira tchizi kunja. Mukasankha njira imeneyi, boolani kabowo kunsonga ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti nthunzi ndi madzi zizituluka.

Ndi tchizi chotani chimene sichitayika pamoto?

Maziko a zoikamo akhale cream cheese, tchizi chofewa choyera chija chimene anthu amapaka pa buledi. Chifukwa chake n'chakuti tchizi chimenechi chimaundana ndi asidi popangidwa, motero chikatenthedwa chimangofewa koma sichiyenderera. Tchizi cholimba monga cheddar chimakoma kwambiri, koma chokha chimasungunuka, mafuta ake n'kulekana nacho, n'kudontha pansi mpaka kusiya tsabola ali mbee. Kusakaniza ziwirizi n'kumene kumapereka kukoma kwa cheddar pamodzi ndi kukhazikika kwa cream cheese. Pa tsabola 12, magalamu 225 a cream cheese ndi magalamu 100 a cheddar amakwana bwino. Tchizi cha mbuzi chimakhazikikanso pamoto ndipo kuwawasa kwake kumadula mafuta a bekoni, choncho mungathe kusinthanitsa gawo lina la cream cheese ndi chimenechi.

Tulutsani cream cheese mufiliji mphindi 30 mpaka ola limodzi musanayambe kuti asakanizike bwino, ndipo cheddar mumupale nokha, chifukwa wogula wopalapala kale amathiridwa ufa woletsa kumatana umene umachititsa kuti asasungunuke mosalala. Thiranimo adyo wopera, anyezi wamasamba wodula bwinobwino, paprika (ufa wa tsabola wofiira wouma) ndi tsabola wakuda pang'ono. Mchere muusamale kwambiri, popeza bekoni ndi cheddar zili nawo kale wambiri, ndipo bekoni akamauma mcherewo umaonjezereka mphamvu. Lawani zosakanizazo musanalonge.

Polonga, tchizi chifike m'milomo mwa kabwatoko basi, chisaunjikike ngati chulu. Chimafufuma chikatentha, ndipo bekoni amafupika n'kumafinya, moti choonjezera chilichonse chimathera pa makala.

Kodi ndingaikemo nyama yaiwisi?

Ndi bwino kuiphika kaye. Soseji kapena nyama yogaya ikazingidwe mpaka itafiirira, mafuta akhetsedwe, izizire, ndiye isakanizidwe ndi tchizi. Nyama yaiwisi imatulutsa madzi ndi mafuta m'kati mwa tsabola, zoikamo n'kusanduka phala. Nyama yotsala yowamba dzulo, yonyenyanyenya, ndi imene imakoma koposa chifukwa imabwera ndi utsi wake. Pamene nyama yogaya yaikidwa yaiwisi, monga mmene zimakhalira ndi armadillo eggs, iyenera kufika madigiri 71 m'kati mwake, ndipo ikakhala ya nkhuku kapena nkhukundembo ifike madigiri 74. Zimenezi siziyezedwa ndi maso, chifukwa utsi umafiiritsa nyama ngakhale itapsa kale, komanso umaidetsa kunja isanapse m'kati. Gwiritsani ntchito choyezera kutentha chobaya m'nyama.

N'chifukwa chiyani bekoni amatuluka wolimba ngati mphira pomwe tsabola wapsa kale?

Ili ndiye dandaulo lalikulu la anthu ophika chakudya chimenechi, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi kusankha bekoni wochindikala. Pa chakudya cha m'mawa wochindikala ndi wabwino, koma pa moto wodekha wa chowambira mafuta ake samaliza kusungunuka, ndipo mukamudikira kuti aume, tsabola amakhala atafewa mpaka kuphwanyika. Gulani wopyapyala. Dulani mzere uliwonse pakati, theka limodzi likulunge kabwato kamodzi, ndipo pokulunga musasanjikize kwambiri, chifukwa pamene bekoni wagonerana kawiri kapena katatu, wapansiyo saona moto ndipo amangophikika ndi nthunzi. Kusiya timipata ting'onoting'ono kumathandizanso kuti utsi ulowe pa tchizi.

Nsonga ya bekoni ithere pansi pa tsabola kuti kulemera kwake kuipsinje. Ikakhala yovuta, ibayeni ndi kamtengo kotokosera m'mano, koma werengani timitengo timene mwagwiritsa ntchito kuti muzule tonse musanapereke kwa alendo. Ngati bekoni amene alipo ndi wochindikala yekha, muyambeni mu uvuni kapena mu chiwaya kwa mphindi zochepa kuti atulutse mafuta ena koma akhale adakali wopindika, azizire, ndiye mukulungire.

Moto ukhale wotentha bwanji, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji?

Apa ndi pamene zinthu zitatu zija zimakanganirana. Okonda kuwamba nyama amasunga chowambira pakati pa madigiri 107 ndi 121, omwe pa zoyezera za ku America amalembedwa kuti 225 ndi 250 Fahrenheit. Pa kutentha kumeneku tsabola amatenga ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri, amamwa utsi wokwanira, ndipo tchizi chimakhala m'malo mwake. Vuto ndi bekoni, amene pa moto wotere amapsa koma sauma. Ukakwezedwa kufika madigiri 200 kuyambira pachiyambi, bekoni amauma m'mphindi 25 kapena 30, koma utsi sukhala ndi nthawi yolowerera, tsabola amakhala adakali wolimba komanso wowawa kwambiri, ndipo tchizi chimawira n'kusefukira.

Njira imene ine ndimaidalira ndi yogawa nthawi pawiri. Yambani ndi moto wodekha wa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, chivundikiro chili chotseka. Nthawi imeneyi ndi ya utsi, chifukwa utsi umamatirira bwino pa chakudya chozizira ndi chonyowa, ndipo pamwamba pakangouma sipalandiranso wambiri. N'chifukwa chake tsabola ayenera kuchoka mufiliji n'kulunjika pamoto, osayamba wadikira patebulo. Kenaka tsegulani mabowo a mpweya kapena onjezerani makala oyaka kuti kutentha kufike madigiri 190 mpaka 200, ndipo musiyeni mphindi 10 mpaka 15 zomaliza kuti bekoni amalize kutulutsa mafuta n'kufiirira. Pa mphindi zimenezi musachokepo, chifukwa kuchoka pa kufiirira kufika pa kupserera sipatenga nthawi.

Amene safuna kusinthasintha moto angathe kusunga madigiri 135 mpaka 150 kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo pafupifupi ola limodzi limakwana. Utsi umachepako pang'ono koma bekoni amatuluka bwino.

Wotchi imangokuthandizani kudziwa nthawi yoyamba kuyang'ana, chifukwa mphepo, kuzizira kwa tsikulo ndi kukula kwa tsabola zimasintha zonse. Zizindikiro zenizeni ndi izi: khungu la tsabola lasiya kunyezimira n'kukhala lobiriwira moderako, mnofu wake ukulowa mukautsina ndi chopanira koma sukuphwanyika, tchizi chafiirira pamwamba, ndipo mafuta oyera a bekoni asanduka agolide. Musamangovundukula pafupipafupi kuti muone, popeza kuvundukula kulikonse kumataya kutentha ndi utsi n'kutalikitsa nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ola loyambalo palibe chimene dzanja lanu lingaonjezere. Tizidutswa todulidwa ngati bwato sititembenuzidwa n'komwe.

Ndi nkhuni ziti zimene zimapereka utsi wabwino?

Fungo la utsi limachokera makamaka ku lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mtengo, chimene chikamanyeka chimatulutsa guaiacol ndi syringol, ndipo ziwirizi ndi zimene lilime ndi mphuno zimazindikira kuti ndi kukoma kwa chakudya chowamba. Mitengo yolimba youma bwino ndi imene imafunika. Ya zipatso monga apulo ndi cherry imapereka utsi wofatsa wotsekemerera umene suphimba kukoma kwa tchizi, ndipo cherry amafiiritsa bekoni mokongola. Pecan ndi oak ali pakati. Hickory ndi wamphamvu ndipo amagwirizana ndi nyama ya nkhumba, koma poti bekoni wambiri amakhala atawambidwa kale, muchepetse. Mesquite ndi waukali kuposa onse, ndipo pa chakudya chaching'ono chamafuta ngati ichi ine sindimulimbikitsa, chifukwa mafuta a tchizi amamwa utsi mofulumira kuposa nyama.

Pewani paini ndi mitengo ina yautomoni, chifukwa utsi wake ndi wamwaye ndipo umaipitsa chakudya. Matabwa opakidwa penti, opakidwa vanishi, omatidwa ndi guluu kapena othiridwa mankhwala oletsa chiswe asayandikire pamoto wophikira, popeza ena mwa mankhwalawo amakhala ndi poizoni wa arsenic. Mtengo wa oleander ndi wapoizoni, ndipo nkhuni zankhungu kapena zimene simukudziwa mtengo wake zisiyeni.

Pa kuchuluka kwake, zidutswa ziwiri za nkhuni zazikulu ngati chibakera cha mwana, zoikidwa pamwamba pa makala, n'zokwanira.

Chakudya changa chimamveka mwaye ndipo chimachititsa dzanzi palilime. Ndalakwitsa pati?

Moto wanu unasowa mpweya. Nkhuni zikamanyeka mobanika zimatulutsa utsi wochindikala woyera kapena wotuwa, wodzaza ndi phula lotchedwa creosote, ndipo phulalo ndi limene limamatirira pa chakudya n'kupereka kukoma koipako. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wooneka mobiriwira ngati mtambo wa kutali, nthawi zina wosaoneka n'komwe, ndipo fungo lake ndi lokoma losatsamwitsa. Anthu ambiri oyamba kumene amaganiza kuti utsi ukachuluka ndiye kuti zikuyenda, ndipo amatseka mabowo onse kuti usathawe, koma kuteroko n'kuzimitsa moto pang'onopang'ono chakudya chili m'kati.

Yatsani makala mpaka ayere phulusa pamwamba, ikani nkhuni, dikirani mphindi 10 kapena 15 kuti utsi woyamba wochindikala uthe, ndiye muike tsabola. Bowo la pamwamba likhale lotsegula nthawi zonse kuti utsi uzidutsa pa chakudya n'kutuluka, ndipo kutentha muzikuwongolera ndi bowo la pansi lolowetsa mpweya. Palafini kapena mankhwala oyatsira makala amasiyanso fungo lake pa tchizi, choncho yatsani ndi mapepala kapena tinkhuni touma.

Kodi nkhuni ziyenera kunyikidwa m'madzi?

Palibe chifukwa. Madzi salowa patali mu mtengo wolimba, ndipo chimene chimatuluka poyamba ndi nthunzi osati utsi, kwinaku moto ukuzizira. Ikani nkhuni zouma.

Ndilibe chowambira chenicheni. Kodi zingatheke ndi chowotchera wamba?

Zingatheke ndithu, malinga chowotcheracho chili ndi chivundikiro. Unjikani makala mbali imodzi, tsabola akhale pa waya mbali inayo kumene pansi pake palibe moto, ndipo pansi pa tsabolayo ikani mbale yachitsulo yolandira mafuta. Potseka, bowo la chivundikiro likhale pamwamba pa chakudya kuti utsi ukokedwe kudutsa pomwepo. Tsabola wokulungidwa ndi bekoni akaikidwa pamwamba penipeni pa makala, mafuta amadontha, moto n'kulilima, ndipo zonse zimada m'kanthawi kochepa. Tizidutswa toyandikana ndi makala timapsa msanga, choncho pakati pa nthawi sinthanitsani ta kutsogolo ndi ta kumbuyo. Kuyala tonse pa kawaya kamodzi konyamulika kumachititsa kuti kusunthaku kuchitike kamodzi n'kamodzi.

Pa chowotchera cha gasi, yatsani mbali imodzi yokha, kulungani tizidutswa ta nkhuni mu pepala la aluminiyamu, boolani mabowo angapo, n'kuika phukusilo pamwamba pa moto. Amene ali ndi uvuni yekha angathe kuphika pa madigiri 200 kwa mphindi 25 mpaka 30, tsabola ali pa kawaya pamwamba pa thireyi, ndipo kukoma kwa utsi akupeze pothira paprika wowamba kapena chipotle wopera mu tchizi. Sizifanana kwenikweni ndi za pa nkhuni, koma zimakoma. Chimene simuyenera kuchita ngakhale mvula igwe bwanji ndi kulowetsa moto wa makala m'nyumba kapena mu galaja, chifukwa umatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha.

Kodi msuzi wotsekemera upakidwe nthawi yanji?

Kumapeto, pa mphindi 5 mpaka 10 zomaliza, bekoni atauma kale. Uchi, shuga ndi msuzi wa barbecue zimapserera msanga pa moto wamphamvu, ndipo zikapakidwa koyambirira zimanyowetsa bekoni n'kumulepheretsa kuuma. Pakani mopyapyala kuti pangonyezimira. Kutsekemera pang'ono kumafewetsa ukali wa tsabola, koma kukachuluka kumakwirira utsi umene mwauvutikira ola lathunthu.

Nanga alendo amene sadya nyama ya nkhumba kapena nyama iliyonse?

Bekoni wa ng'ombe amalowa m'malo bwino ndipo amaphikidwa chimodzimodzi. Wa nkhukundembo alibe mafuta ambiri ndipo amauma mofulumira mpaka kukhala ngati chikopa, choncho mupakeni mafuta pang'ono ndipo musamukwezere moto kwambiri pamapeto. Kwa osadya nyama, sakanizani tchizi ndi chimanga chowotcha chosola, nyemba zakuda zophika kapena bowa wokazinga mpaka madzi atatha, ndipo pamwamba wazani nyenyeswa za buledi zosakaniza ndi batala kuti pakhale chouma choluma. Tsabola wopanda bekoni amamwa utsi wambiri ndipo amapsa msanga, kawirikawiri m'mphindi 45 mpaka ola limodzi. Muikeni pa thireyi yakeyake, pamwamba kapena patali ndi pamene mafuta a nyama akudontha, ndipo chopanira chake chikhale chapadera, chifukwa kwa munthu amene sadya nkhumba nkhaniyi si yaing'ono.

Kodi ndingakonzeretu dzulo lake, nanga zotsala zisungidwe bwanji?

Kukonzeratu n'kwabwino kuposa kupanga tsiku lomwelo. Dulani, longani, kulungani, yalani pa thireyi, vundikirani n'kuika mufiliji usiku wonse. Tchizi chimalimba, bekoni amagwira bwino, ndipo m'mawa mwake manja anu amakhala omasuka kuyang'anira moto ndi nyama. Kuumitsa mu fiziri kumathekanso, koma madzi oundana amaswa mnofu wa tsabola moti akapsa amakhala wofewa kwambiri.

Akapsa asakhale patebulo kupitirira maola awiri, ndipo tsiku likakhala lotentha kuposa madigiri 32, ola limodzi ndiye malire, chifukwa tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira mu zakudya zamkaka ndi zanyama pakati pa madigiri 5 ndi 60. Zotsala zimakhala mufiliji masiku atatu kapena anayi. Pozitenthetsa gwiritsani ntchito uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 10, popeza microwave imafewetsanso bekoni. Zodulidwa tizidutswa zimakomanso zikasakanizidwa ndi mazira okazinga.

Ndikonze angati, ndipo ndiwaike pamoto nthawi yanji?

Werengerani tizidutswa titatu kapena tinayi pa munthu wamkulu aliyense ngati nyama ikubwera pambuyo pake, ndipo onjezeraniko ngati mukudziwa kuti nyamayo ichedwa. Tiikeni pamoto kutatsala pafupifupi ola limodzi ndi theka kuti alendo afike. Ngati m'chowambira muli kale nyama yaikulu imene ikufuna moto wodekha mpaka madzulo, musakweze kutentha chifukwa cha tsabola, koma muchotseni akamaliza ola lake la utsi n'kukamalizira bekoni mu uvuni kapena pa chowotchera china. Musamuike pansi pa nkhuku yaiwisi imene ikudontha madzi.

Akachoka pamoto, apume mphindi 5 mpaka 10 musanaitane anthu. Tchizi cha m'kati chimasunga kutentha kuposa mmene bekoni wa kunja akusonyezera ndipo chimawotcha m'kamwa, komanso chikazizira pang'ono chimakhazikika moti sichitayikira pa zovala munthu akaluma. Zulani timitengo tonse, patulani mbale ya owawa ndi ya osawawa kuti anthu adziwe chimene akutola, ndipo pafupi pakhale kambale ka yogati kapena kirimu wowawasa wothira madzi a mandimu, kuti amene wakumana ndi tsabola waukali apeze poviika.